Nyimbo za Maliro Zili pa Mlatho

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amalume anga, a Fanuelo, anandipatsa ntchito yanga yoyamba. Sukulu inali itatsekera, ndipo amayi anaona kuti ndikakhala pakhomo ndithera tchuthi chonse pa mpira wachikulunga m'fumbi la ku Kawale. Anandipereka kwa alongo awowo ndi mawu ochepa: "Mutengeni uyu, akaphunzire kukhala pansi."

Amalume ankagwira ntchito m'kanyumba kosindikizira mabuku ka mpingo wathu, kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, kuseri kwa tchalitchi. Mkati mwa sabata anali wosindikiza. Loweruka ndi Lamulungu anali mphunzitsi wa kwaya. Koma anthu ambiri ankawadziwira kumaliro. Kwathu kunalibe maliro amene ankanyamuka pakhomo iwo asanaimirire, kukweza dzanja lamanja ndi kuyambitsa nyimbo ndi liwu lawo lalikulu lija.

Anali ndi mwendo wovuta. Anagwa panjinga ali mnyamata, bondo silinabwerere bwino, choncho ankayenda pang'onopang'ono, akukoka phazi lamanzere. Ine ndinali ndi miyendo yoyabwa. M'mawa tinkanyamukira limodzi, koma tisanafike n'komwe pa mjigo ndinkakhala nditawasiya. Ndinkawadikira pa chigayo, n'kuwasiyanso. Ndinkawadikira pamsika, pa depoti, pa mlatho. Sanandikalipirepo. Ankangofika, n'kupukuta thukuta ndi kampango, n'kufunsa kuti, "Mphwanga, nanga amene amakuthamangitsa aja atsala kuti?"

Kompyuta inali m'kachipinda kakumbuyo, itafunditsidwa chitenje chifukwa cha fumbi. Inali yamtundu wa mano a nkhalamba, ndipo ikayatsidwa inkalira ngati njuchi zili m'chitini. Zilembo zake zinali zobiriwira pa sikirini yakuda. Anaisiya ndi mphunzitsi wina wochokera kunja amene anakhalapo pa sukulu ya mpingo. Munthu ameneyo ankakonda kuimba, ndipo asanabwerere kwawo analembera amalume pulogalamu yaing'ono yolembera nyimbo m'manotsi a do-re-mi: mizere inayi, sopulano, alito, tenala ndi bezi, noti iliyonse itaima pamwamba pa liwu lake. Pulogalamuyo inali m'disiki yaikulu yofewa, yonga envulopu yakuda. Palibe m'kanyumbamo amene ankadziwa m'mene inalembedwera. Tinkangodziwa kuigwiritsa ntchito.

Amalume anali ndi cholinga chimodzi chimene chinkawadzutsa m'mawa: kusonkhanitsa m'buku nyimbo zimene zinkaimbidwa m'mipingo ya kwathu koma zinalibe m'buku lililonse. Zina anazimva kwa nkhalamba za m'makwaya akumidzi, zina anapeka okha. Ankazilemba pa chilichonse chimene chinali pafupi, kaya kuseri kwa kalendala, kaya pa pepala la thumba la simenti. Ntchito yanga inali kuzilowetsa mu kompyuta. Ndikamaliza imodzi, iwo ankaima kumbuyo kwanga n'kuing'ung'udza mzere ndi mzere, akununkha inki ndi parafini, n'kukonza pamene ndaphonya. Akakhutira, pepala lija linkapita kukayatsira mbaula ya tiyi. Sankaona chifukwa chosungira pepala lothimbirira pamene nyimbo yalowa kale m'makina.

Tsiku lina, nditazolowera kiyibodi mpaka kuyamba kudzimva ngati kalaliki wa boma, makina analira kamodzi, "pi!", n'kukana kulandira chilembo china. Pansi pa sikirini panatuluka mawu Achingerezi onena kuti malo atha. Zinandizunguza mutu. M'mawa uliwonse makinawo ankayamba ndi kuwerenga malo amene ali nawo, manambala akuthamanga mpaka kufika pa 640K. Koma pakona pamene pulogalamu inkaonetsa kuchuluka kwa zimene ndalemba, panali 64K yokha.

"Amalume, makinawa akunama," ndinatero. "Malo ali nawo ambiri, koma akuti adzaza."

Anabwera akupukuta manja, n'kukoka kampando.

"Dalitso, mlendo akakufunsa kwanu, umamulozera bwanji?"

"Ndimati akafika pa mjigo, awerenge nyumba yachinayi kumanja."

"Nanga akamachokera kumsika?"

"Ndiye ayambire kuwerenga pa chigayo."

"Nyumba yake imodzimodziyo?"

"Eya."

"Basitu. Makinawanso amayenda choncho. Mutu wawo ndi waung'ono, sutha kuwerenga nyumba zonse za m'tauni ndi nambala imodzi. Ukafika pa 64K manambala amauthera. Ndiye amene anaupanga anaupatsa manambala awiri. Yoyamba imanena pamene waima, kaya pa mjigo, kaya pa chigayo. Yachiwiri imanena nyumba zingati kuchokera pamenepo. Malo alipodi ambiri, koma umawaona chigawochigawo. Tsono mzungu wathu uja, polemba pulogalamuyi, anaiimika pa mjigo umodzi ndipo siisuntha. Ikayang'ana mpaka pamene maso ake athera, imati dziko latha."

Anati mphunzitsi uja ndi amene anawafotokozera zimenezi, akujambula timabokosi pa pepala, koma iwo sanamve mpaka atazitembenuzira ku misewu ya ku Kawale. Patapita zaka ndinadzawerenga ndekha, ndipo ndinapeza kuti sanalakwitse. Kachipangizo kamene kamaganiza mu kompyuta, purosesa, masiku amenewo kankafikira malo ake m'zigawo, ndipo chigawo chimodzi sichinkapitirira 64K, zimene ndi zilembo pafupifupi 65,000.

Choncho buku lathu linayenera kudulidwa m'mafayilo angapo, iliyonse yokwana m'chigawo chimodzi. Ine ndinati tiziwatcha Buku 1, Buku 2. Amalume anakana. Anati manambala amaiwalika, koma njira yopita kuntchito munthu saiwala. Nyimbo za m'mawa anaziika mu fayilo yotchedwa MJIGO, chifukwa ndi kumene tsiku limayambira. Za zokolola ndi zothokoza zinapita ku CHIGAYO. Za ukwati anaziika pa MSIKA, akuti chifukwa cha phokoso, ndipo za Khirisimasi pa DEPOTI, pamene pamatsikira alendo. Dzina la fayilo silinkaloledwa kupitirira zilembo zisanu ndi zitatu, moti nyimbo za mgonero ndi za Pasaka zinakhala mu TCHALITC. Amalume ankati tchalitchi chimenecho sichinathe kumangidwa, chikudikira malata.

Nyimbo za maliro zinali pa MLATHO. Nditafunsa chifukwa chake, anangoti, "Pamenepo ndi pamene munthu amawoloka." Kuyambira tsiku limenelo tinkalankhula chinenero chathuchathu. Akati, "Pita pa chigayo, nyimbo yachitatu, tenala wakwera kwambiri," ine ndinkadziwa kolowera.

Sukulu itatsegulira ndinkapitabe Loweruka m'mawa, amalume asanapite ku kwaya. Buku linayenera kutuluka Pasaka isanafike, pa msonkhano waukulu wa makwaya, ndipo pofika nthawi ya mvula tinali titatsala pang'ono kumaliza. Sitinasindikize chilichonse, chifukwa liboni ya pulinta inali yosowa, ndipo amalume ankafuna kuti tisindikize kamodzi zonse zitakonzedwa.

Masana ena mphenzi inagwa pafupi ndi tchalitchi. Ine sindinalipo. Loweruka ndinapeza kachipinda kakununkha waya wopserera, chitenje chitafunditsidwa, amalume atakhala pa kampando kanga, madisiki ali pamiyendo pawo m'kabokosi. Madisikiwo sanapse, popeza anali m'kabati. Koma kompyuta inali itafa, ndipo munthu amene anabwera kudzaiona anati makina amtundu umenewo anasiya kupangidwa.

Sindinawaonepo amalume ali chete ngati masabata amenewo. Mapepala onse anali atayatsira mbaula. Nkhalamba ziwiri zimene zinawapatsa nyimbo zambiri zinali zitamwalira chaka chomwecho, ndipo iwo eni ake anaziimbira kumanda. Nyimbo zonse zinali m'manja mwawo, m'timaenvulopu takuda, koma panalibe njira yozionera. Ankati akayesa kukumbukira alito wa nyimbo ina, amapezeka akuimba wa nyimbo inzake. Azakhali, akazi awo, anauza amayi kuti akulu aja akungotosa chakudya. Ngakhale nthabwala ya ondithamangitsa ija inatha.

Kenako tinamva kuti mpingo wapeza kompyuta ina, yatsopano ndi yamphamvu. Ine ndinasangalala. Amalume nkhawa inakula. "Makina atsopano ali ndi mayendedwe awo," anatero. "Angadziwe bwanji za mjigo wathu?"

Tsiku limene inafika amalume anavala tayi, ngati akupita kukafunsira mbeta. Anaibweretsa ndi mayi wina wachitsikana, a Ngwira, amene anaphunzira za makompyuta ku koleji. Anali wochangamuka, wovala magalasi aakulu, ndipo ankalankhula akulumikiza mawaya. Anati makinawa ndi othamanga kangapo kuposa akale, ndipo malo awo ndi ochuluka moti buku lathu lonse lingalowemo n'kusiya mpata wa mabuku ena ambiri. Ine ndinali nditayamba kale kuona m'maganizo nyimbo zonse zili mu fayilo imodzi, zopanda mjigo, zopanda chigayo.

Amalume anapereka disiki ya pulogalamu ndi manja awiri.

"Mayi, muyese iyi. Ikakana musabise, mundiuze."

A Ngwira anailowetsa, n'kuyatsa makina. Disiki inakukuta monga inkachitira kale. Sikirini inada. Kenako panatuluka mizere inayi ija, yopanda kanthu, ikudikira manotsi. Zilembo zinali zoyera m'malo mwa zobiriwira, koma zina zonse zinali chimodzimodzi.

"Dalitso," anatero amalume, "pita pa mlatho."

Ndinasintha disiki, n'kutsegula MLATHO. Nyimbo zonse zinalipo, noti iliyonse pa liwu lake. Amalume anawerama, n'kuyamba kung'ung'udza mzere wa alito umene unkawathawa uja. Atafika kumapeto anamasula tayi, n'kutuluka panja. Anakhalitsa kumeneko. Pobwera anati fumbi la m'kachipindamo likuwalowa m'maso.

Ine chimene ndinkayang'ana chinali pakona pa sikirini. Ndinayesa kuwonjezera nyimbo mu fayilo imene inali yodzaza kale. Makina analira "pi!" ngati akale aja.

"Atinamiza," ndinatero. "Ndi omwe aja, angosintha chikopa."

A Ngwira anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Achimwene, makinawa si omwe aja. Mutu wawo ndi waukulu, sufunanso tizigawo ta 64K. Koma amene anawapanga ankadziwa kuti dziko lonse lili ndi ntchito imene inalembedwa pa makina akale: mabuku a m'masitolo, a m'zipatala, ndi nyimbo za amalume anuwa. Akanapanga makina ongodziwa zatsopano, zonsezo zikanafa, ndipo palibe akanawagula. Ndiye anawapanga moti akamadzuka, amadzuka ngati akale. Amawerenga ndi manambala awiri aja, amaona chigawochigawo. Pulogalamu yatsopano ikawauza kuti tsopano tambasukani, amatambasuka. Koma yanuyi siidziwa kunena zimenezo, ndiye iwo amangoyenda nayo m'mene imayendera."

Anatiuzanso kuti opanga makinawo anasunga ngakhale chizolowezi china chachilendo cha makina akale. Akale aja akawerenga kupitirira pamene malo awo athera, ankangopezeka abwerera poyambira, ndipo olemba mapulogalamu ena anayamba kudalira zimenezo. Choncho m'makina atsopano anaikamo kachitseko kapadera koti chizolowezicho chizichitikabe. Amalume anapukusa mutu. "Makina aulemu awa," anatero.

Asanachoke, a Ngwira anakopera zonse, pulogalamu ndi nyimbo, mu kadisiki kakang'ono kolimba, kokwana m'thumba la malaya. Anakonza kuti kadisikiko kazitha kudzutsa makina pakokha.

Madzulo amenewo, pobwerera kunyumba, ndinawasiyanso monga mwa masiku onse. Anandipeza pa mlatho nditatsamira chitsulo, ndikuyang'ana madzi ofiira a mvula. Anapukuta thukuta, n'kundiyang'ana ndi diso lawo lanthabwala limene linali litasowa kwa masabata.

"Waona, mphwanga? Ngakhale makina akudziwa kudikira amalume awo."

Kuchokera pa mlatho mpaka ku Kawale ndinayenda pambali pawo, ndipo ndinaona zinthu zimene ndinali ndisanazionepo panjira imeneyo: telala amene ankawapatsa moni pa depoti, mayi wogulitsa mandasi amene ankawafunsa za kwaya. Buku linatuluka Pasaka isanafike, lachikuto chobiriwira, lomangidwa ndi timawaya tiwiri.

Ndikulemba izi ndili ku Maddington, kuno ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kumene ndakhala zaka zambiri tsopano. Mkazi wanga ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Nedlands. Ine ndimagwira ntchito ku Welshpool, pa malo odulira zitsulo za zikwangwani. Pamene ndinkachoka ku Malawi, amalume anandipatsa kadisiki kena kokopera ku kaja. Anati, "Ukakasowa choimba kumeneko." Ndinakaika m'chikwama cha mapasipoti, ndipo kanakhala mmenemo.

Amalume anamwalira ndi korona, nthawi imene malire anali otseka. Kuno kunalibe wotuluka kapena wolowa mwachisawawa. Maliro ndinawaonera pa foni, pa kavidiyo kogwedera kamene msuweni wanga anajambula ali patali. Panali anthu ochepa, onse atavala mamasiki, ndi achipatala ovala zoyera. Mwambo unali waufupi. Kwaya inalibe. Munthu amene anaimbira maliro a Kawale yense anaikidwa popanda nyimbo.

Azakhali sanadandaule za china chilichonse koma chimenechi. Pa foni anati, "Dalitso, amalume ako ankanena kuti akadzapita tidzawaimbire ija ya khasu." Ndinkaidziwa. Anaipeka okha, ndipo ndinaitaipa ndi zala zanga ndili mwana, osaganiza kanthu. Imayamba ndi mawu akuti, "Khasu langa ndaliika pansi, Ambuye, dzuwa lapendeka." Koma ndinkangokumbukira sopulano ndi ndime yoyamba. Msuweni anafufuza buku lobiriwira lija. Anapeza awiri, ndipo m'mabuku onsewo masamba a nyimbo za maliro munalibe. Ndiwo ankapita kumanda, pa mvula ndi pa dzuwa, mpaka anathothoka.

Kuno ku Perth nthawi imeneyo tinkaloledwa kusonkhana. Anzathu a m'mipingo yosiyanasiyana anati tichite mwambo wa chikumbutso, ndipo a kwaya yathu ya kuno anati ndingowapatsa manotsi, adzaphunzira. Ndinatulutsa kadisiki m'chikwama cha mapasipoti.

Mwana wanga Tadala anali m'chaka chomaliza cha sekondale. Anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale chimene sitikufuna kuti amve, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno. Anakatembenuza kadisikiko kangapo, n'kunena kuti ankaganiza kuti chinthu chimenechi ndi kachithunzi chabe ka pa kompyuta, sankadziwa kuti chinakhalapo chenicheni. Mawa lake anabwera ndi kachipangizo kowerengera madisiki otere, kamene anabwereka kwa mphunzitsi wake.

Laputopu yake inaonetsa mayina a mafayilo. Koma pulogalamu inakana kutseguka. Panatuluka kabokosi konena mwaulemu kuti pulogalamu imeneyi siingayende pa makina amenewa. Mafayilo a nyimbo, akatsegulidwa popanda pulogalamu yawo, ankangoonetsa zizindikiro zosokonekera. Tadala anafufuza pa intaneti, n'kundiuza kuti makina ambiri atsopano anatseka khomo lija lolowera mapulogalamu akale. Ndinakhala pa tebulo, kadisiki kali m'manja, ndipo ndinadziwa m'mene amalume ankamvera pa kampando kaja.

Kuntchito ndinafotokozera mnzanga Mwale, wa ku Chipata ku Zambia, amene amayendetsa makina odulira zitsulo. Anakatenga ndi zala ziwiri ngati wagwira mbewa yakufa.

"Mudala, aka kadisiki ni kakulu kuchila mwana wanu. Manje mufuna tikapeleke ku myuziyamu olo tikayese?"

Kompyuta imene imalamula makina ake si yatsopano, koma ndi yamphamvu kutalitali kuposa ija a Ngwira anabweretsa. Abwana sanaisinthe chifukwa pulogalamu yodulira zitsulo imayenda pa iyo yokha, ndipo ikadali ndi kakhomo ka madisiki ang'onoang'ono. Tinapempha chilolezo, ndipo Loweruka m'mawa tinapita atatu, ine, Tadala ndi Mwale. M'shedi munali zii, mukununkha mafuta ndi chitsulo chopserera. Mwale anakonza kuti makina adzukire pa kadisiki, n'kuwazimitsa, n'kuwayatsanso.

"Kakakana, ine sinilipo," anatero. "Mukauze abwana ati ni imwe munabweletsa mizimu."

Kadisiki kanakukuta. Kanaima. Kanakukutanso, nthawi yaitali moti Mwale anasiya nthabwala. Kenako sikirini inada, ndipo panatuluka mizere inayi.

Tadala anawerenga mayina mokweza, mmodzimmodzi, ndi lilime lake la kuno. Atafika pa TCHALITC anaseka, n'kufunsa ngati agogo ake sankadziwa sipelo. Ndinamuuza za malata. Kenako anafunsa kuti titsegule iti, popeza palibe dzina limene likunena za maliro.

"Pita pa mlatho," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kutsegula. Tinatsika pang'ono, ndipo nyimbo ya khasu inali pomwepo, ndime zonse, mawu onse anayi. Pulinta yoti n'kulumikiza inalibe, choncho Tadala anajambula sikirini ndi foni yake, tsamba ndi tsamba. Sanalekere pa nyimbo imodziyo. Anati tijambule zonse, kuyambira pa mjigo, chifukwa kadisikiko mwina sikadzadzukanso. Zinatitengera m'mawa wonse. Mwale anapita kukagula khofi, ndipo pobwera anatipeza ndikumufotokozera mwana njira ya ku Kawale, fayilo ndi fayilo: pamene pali chigayo, m'mene msika umanunkhira nthawi ya mvula, pamene agogo ake ankapumira. Ndinkalankhula Chichewa. Iye sanandifulumize.

Mwambo tinachitira mu holo yaing'ono kuno ku Maddington, Lamulungu masana, pamene kumudzi kunali m'mawa. Kunabwera Akatolika, Apresibateriya, a Sabata ndi a Pentekoste, ndi abale athu a ku Zambia. Mwale anaimba bezi. Tadala anaima pa alito, pepala lili m'manja. Anali atalemba pansi pa mawu ena m'mene ayenera kuwatchulira. Foni tinaiimika pa mpando kutsogolo, ndipo pa sikirini pake panali azakhali, atakhala pakhonde ku Kawale, atavala mpango wakuda. Ine ndinakweza dzanja lamanja n'kuyambitsa. Liwu langa si lalikulu ngati la amalume, koma linakwanira.

Intaneti inkadukaduka, moti sindidziwa kuti azakhali anamva zochuluka bwanji. Ndinangoona milomo yawo ikuyenda nafe. Titamaliza anati, "Alito ameneyo ndi wa ndani? Wayenda bwino." Ndinapereka foni kwa Tadala. Ndinkayembekezera kuti ayankha monga amayankhira, ine n'kumasulira. Koma anagwada pansi pa holo, foni ili m'manja awiri, n'kunena pang'onopang'ono, akufunafuna liwu lililonse:

"Agogo, ndine Tadala. Pepani ndi maliro. Nyimbo ija tinaipeza pa mlatho."

Azakhali anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Anamufunsa za sukulu, ndipo anakambirana kanthawi, wina akuchedwa, wina akudikira.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti makina aja a Ngwira anabweretsa anali ofooka chifukwa ankavomera kuyenda ngati akale. Tsopano ndikudziwa kuti panafunika nzeru zambiri kuti makina othamanga athe kuchepetsa liwiro popanda kugwa. Ndikudziwanso chimene a Ngwira sanatiuze, mwina chifukwa nawonso sankachidziwa: khomo limenelo silikhala lotseguka lokha. Limakhalapo chifukwa wina wasankha kulisunga, ndipo tsiku limene asiya, limatsekeka mwakachetechete, ngati pa laputopu ya mwana wanga. Nyimbo zonse tinazilembanso m'njira yoti makina a lero azitha kuziwerenga, ndipo tinazitumiza ku kwaya ya kwathu. Mayina a mafayilo Tadala anakana kuwasintha.

Masiku ano timayenda limodzi Loweruka m'mawa kupita ku siteshoni ya sitima. Bondo langa lamanja layamba kuvuta, ndipo iye ali ndi miyendo ngati imene ndinali nayo. Amandisiya, mahedifoni ali m'makutu. Koma ndikafika pa ngodya ndimamupeza ataima, atachotsa imodzi, akundidikira. Sindinena kanthu za makina. Ndimangopukuta thukuta n'kumufunsa kuti amene amamuthamangitsa aja atsala kuti.